Chifukwa Chake Sindinakhale Mzamba

Ana anga, nonse mukudziwa kuti ndinapuma pantchito ndili nesi wa odwala maganizo, makamaka aja amene khoti limawatumiza kuti akapimidwe mutu. Chimene simukudziwa n'choti poyamba ntchito imeneyi sinali m'mutu mwanga n'komwe. Ndikulemba chifukwa mdzukulu wanga Tamara akuti akufuna sukulu yophunzira maganizo a anthu apamilandu, ndipo amayi ake anandiimbira foni akukalipa ngati ndine ndinamulodza. Mwanayo sindinamuuze kanthu. Koma poti mwandiika kale pamlandu, imvani mmene ine ndinasankhira, kenako mumusiye asankhe yekha.

Malama, chaka changa choyamba pantchito

Ananditumiza ku Malama nditangomaliza sukulu ya unesi. Ndinakondwa chifukwa ndi m'chigwa mwathu momwe muno, atate ndi amayi ali ku Nsefu kumene anatsikira kuchokera kumtunda kudzalima thonje. Mvula itayamba m'pamene ndinadziwa kuti ndakondwa msanga. Mitsinje ikadzaza msewu unkafa, ndipo tinkakhala tokha ndi zimene zatsala m'kabati. Bwana wanga anali a Mulenga, kiliniko ofesa wochokera kumpoto, amene anthu ankangowatcha adokotala. Anali munthu wabwino, wanthabwala, koma njovu ankaziopa koopsa, moti popita kuchimbudzi ankaimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza kuti zimve kuti akubwera. Mabandeji akatha tinkang'amba zitenje zakale n'kuziphika. Makina oonera tizilombo m'magazi tinalibe, choncho aliyense wotentha thupi tinkamupatsa mankhwala a malungo n'kumuuza kuti akapanda kupeza bwino abwerenso.

Mmodzi mwa obwerabwerawo anali a Yotamu Mwale, mkamwini pamudzi wina wapafupi ndi kiliniki. Makolo awo anamwalira kalekale, abale anabalalika, ndipo iwo ankakhala kwa akazi awo, amake Luka. Anali munthu wofatsa, wolima mapira, wosamwa mowa. Anabwera ndi mutu komanso kutentha thupi, tinawapatsa za malungo, anapezako bwino, kenako anabweranso ataonda. Amake Luka anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti amuna awo asintha. Ankagona kumunda masana khasu lili m'manja, ankakalipira ana popanda chifukwa, ndipo tsiku lina anaseka pamaliro. A Mulenga anakayikira kaodzera, matenda obwera ndi kashembe, ntchentche zoluma zija za m'nkhalango za tsanya, ndipo ananena kuti galimoto ikangobwera munthuyu apite kuchipatala cha ku boma akapimidwe. Galimoto isanabwere, tsiku lina dzuwa lili pamutu, a Yotamu anatola chikuni pamoto n'kukachisomeka padenga la nyumba ya apongozi awo, a Nambewe, kenako anakakhala pansi pa mtengo n'kumaonerera. Gogoyo anali panja, koma analowa kukatulutsa kamdzukulu kamene kanali mtulo m'nyumbamo. Mwana anatuluka wopanda bala. Dzanja la gogo linapsa kuyambira m'chigongono mpaka kuzala.

Galimoto imene inabwera inali ya apolisi. A Yotamu anakwera osalimbana ndi munthu, ndipo akuti asanafike n'komwe pamtsinje woyamba anali atagona. Ine ndinatsala ndi dzanja la a Nambewe. Ndinalitsuka ndi kulimanga miyezi ingapo ndi zitenje zanga zophika zija, gogoyo ataluma mano osabuula ngakhale kamodzi. Bala linapola, koma zala zinapindika osawongokanso.

Malama, zaka zotsatira

Nkhani za a Yotamu tinkazimva pang'onopang'ono a Mulenga akapita ku boma. Ali m'chitokosi anadwalika kwambiri, anawatengera kuchipatala, ndipo madokotala anapeza kaodzera atalowa kale m'mutu. Anawabaya jakisoni zowawa zija, anachira. Kukhoti woweruza ananena kuti nyumba anaotchadi, koma poiotcha sanali m'nzeru zawo, choncho sapita kundende koma akasungidwe kuchipatala chachikulu cha odwala maganizo ku Lusaka, kuwodi ya anthu apamilandu, mpaka akuluakulu adzakhutire kuti angathe kubwerera kwa anthu. Ine nditamva ndinati zayenda bwino. Sindinkadziwa kanthu.

Amake Luka ankabwera kusikelo ndi mwana wawo wotsiriza. Mwezi uliwonse, ndikamaliza kupima mwana, ankatsalira anzawo atapita, n'kufunsa motsitsa mawu: "A Sisita, mwati anachira. Nanga abwera liti?" Ndinkayankha kuti ndifunsa, ndipo tsiku lina ndinafunsadi a Mulenga. Anavula magalasi awo n'kundiyang'ana ngati mwana.

"Ba Sisita, mvetsetsani. Wakundende adziwa tsiku lotuluka. Uyu alibe tsiku. Pafunika a kuwodi akambe kuti wachira, abale akambe kuti tizamulandira, ndiye akuluakulu avomere. Manje ndani azachoka ku Lusaka kubwera kufunsa abale kuno kunjovu?"

Ndinapsa mtima tsiku limenelo. Mukundidziwa, pakamwa panga sipachedwa. Ndinalankhula zambiri zokhudza anthu okhala m'maofesi, a Mulenga anangondisiya mpaka mpweya unandithera, kenako anandikumbutsa kuti panja pali odwala. Koma nkhaniyo sinandichoke. Munthu wochira akhoza kukalambira muwodi chifukwa choti kwawo msewu ndi woipa. Ndipo kumudzi nthawi sinkadikira. Amalume awo a amake Luka anayamba kunena kuti munda ukufuna mwamuna, njovu zikutha mapira, mkamwini woti anapita ndi apolisi sawerengeredwa. Amake Luka ankakana, koma ndinkaona kuti kukana kwake kukutopa.

Nsefu, nthawi yotola thonje

Nditagwira zaka zofunika, inafika nthawi yanga yopita kusukulu yowonjezera. Malo analipo awiri. Ena anali a uzamba, pasukulu ya mishoni kumtunda, ndipo manesi onse m'boma lathu ankawalimbirana. Ena anali a matenda a maganizo ku Lusaka, kuphatikizapo ntchito ya kuwodi ya apamilandu, ndipo malo amenewo chaka ndi chaka ankabwerera opanda munthu. A Mulenga anali atandilankhulira kale za uzamba. Sankachita zokondera ayi. Ku Malama kunalibe mzamba wophunzira, ndipo tonse awiri tinali titaonapo mayi akutithera m'manja mitsinje itadzaza. Choncho musaganize kuti ndinkasankha pakati pa chabwino ndi choipa. Mutu unandiima, ndipo ndinapempha masiku ochepa kuti ndikaonane ndi makolo ku Nsefu.

Atate ndinawapeza m'munda akutola thonje, thumba lili m'chiuno. Anali mkulu wampingo, munthu wosakweza mawu, wofunsa mafunso mpaka iwe wekha utaona kupusa kwako. Ndinatenga thumba lina n'kulowa mumzere woyandikana nawo, ndipo ndinafotokoza zonse tikutola. Amayi anatimvera ali kumapeto kwa mzere, ndipo iwo sanachedwe. Anati mzamba akamadutsa anthu amamupatsa moni ali chogwada, pomwe wosamalira amisala amayamba kulankhula yekha zaka zikamapita, ndipo palibe mwamuna angalowe m'nyumba ya mkazi wocheza ndi akaidi. Pa nkhani ya mwamunayo amayi analakwitsa, umboni wake ndinu amene mukuwerenganu. Pa nkhani yolankhula ndekha, mwina ananena zoona.

Atate anandifunsa ngati a Yotamu ndi mbale wathu. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndikudziwa kuti anachiradi, kapena ndangomva. Ndinati ndangomva. Anatola thonje kwa kanthawi, kenako anaima n'kuwongola msana.

"Esinati, ukufuna kusankha ntchito ya moyo wako wonse chifukwa cha munthu mmodzi. Akatuluka, iwe udzatsala ndi chiyani? Nanga akapanda kutuluka?"

Chimene ndinanena n'choti malo a uzamba ndikawasiya, mawa lomwe wina awatola, koma enawo ndikawasiya akhala osatoledwa, ndipo amake Luka adzapitiriza kufunsa munthu wosadziwa kanthu. Atate sanavomere, sanakanenso. Anangoti thonje langa lili ndi zinyalala, ndilisankhe bwino. Ndinabwerera ku Malama mtima uli zii, ndinauza a Mulenga kuti ndasankha Lusaka, ndipo kwa masiku angapo ankandilankhula za mankhwala zokhazokha. Malo a uzamba anapita kwa mtsikana wina wa ku Chinzombo, amene atamaliza anatumizidwa ku Malama komweko, ndipo kunena zoona anali ndi manja ofewa kuposa anga. Tsiku lonyamuka ku Nsefu kupita ku Lusaka, atate anamanga sutikesi yanga panjinga n'kuikankha okha mpaka pamsewu.

Lusaka, zaka za sukulu

Kuzizira kwa ku Lusaka kunandizunza ine mwana wa m'chigwa, ndipo mabuku anali olemera kuposa mmene ndinkaganizira. Miyezi yoyamba sanatilole kufika kuwodi ya apamilandu. Itakwana nthawi, anatipereka m'manja mwa dokotala wa wodiyo, a Muleya, mayi wamfupi wosaseka wamba. Iwo ndi amene anandiphunzitsa ntchito. Khoti, ankatero, limafunsa zinthu ziwiri: kodi munthuyu akumvetsa mlandu wake lero, ndipo kodi ankadziwa chimene akuchita tsiku lija? Kuti uyankhe suthamanga. Umaona mmene munthu akudyera, mmene akugonera, mmene akusewerera nsolo ndi anzake pamene akuganiza kuti palibe akumuyang'ana. Ena amadzipengetsa pothawa ndende, ena ndi odwaladi koma amabisa chifukwa cha manyazi. Iwe si loya wake, si wapolisinso. Umanena zimene waona, ngakhale zikhumudwitse amene ukumumvera chisoni.

A Yotamu ndinawapeza kudimba la wodi akuthirira lepu. Anali atanenepako, imvi zitayamba. Manesi ankawadziwa ngati munthu wosavuta koma wosalankhula, ndipo kusalankhulako ena ankakuyesa matenda. Ndinawapatsa moni m'Chikunda, chilankhulo cha m'chigwa mwathu. Anaika kheni pansi bwinobwino, anayankha moni wonse mwaulemu, kenako anafunsa ngati mvula inagwa bwino ku Malama ndiponso ngati Luka anayamba sukulu. Atamaliza anayang'ana pansi n'kufunsa ngati dzanja la apongozi linapola. Za motowo sankakumbuka chilichonse. Anachita kuuzidwa kukhoti, ndipo kuyambira pamenepo ankaganiza kuti ngakhale atamasulidwa alibe kolowera.

Ndinathamangira kwa a Muleya n'kuwauza kuti munthu uja ali bwinobwino, ndimamudziwa, ndinabwera chifukwa cha iye. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako ananena kuti kuyambira tsiku limenelo ndisakhudzenso za kupimidwa kwa a Yotamu. Magazi anandiwira. Ndinati ndinasiya uzamba, ndinakhumudwitsa makolo ndi bwana wanga chifukwa cha munthu ameneyu.

"N'chifukwa chake," anatero a Muleya. "Mwabwera ndi yankho m'thumba. Mukadzaima pamaso pa akuluakulu, funso loyamba lidzakhala loti mumamudziwa bwanji, ndipo mawu anu adzamupweteka m'malo momuthandiza. Apimidwe ndi anthu osamukonda."

Ndinatuluka nditakwiya, ndipo kwa nthawi ndithu ndinkawapatsa moni wa pakamwa pokha. Lero ndikuvomera kuti palibe anandiphunzitsa chinthu chachikulu kuposa chimenecho. A Muleya anaika anthu ena awiri kuti aziwaona a Yotamu, anapeza womasulira, ndipo zinatenga miyezi. Ine anandipatsa odwala ena, ndipo m'menemo ndinaona kuti a Yotamu sali okha. Munali mayi wina amene anadwala mutu atangobereka, mnyamata wina wakhunyu, nkhalamba ina imene palibe ankadziwa chilankhulo chake, onse ochokera kumene msewu umafa nthawi ya mvula. Funso la atate lija linayankhika lokha. Ntchito inalipo yokwana moyo wonse, ndipo ndi imene ndinagwira ku Lusaka, kenako ku boma kwathu, mpaka kudzapumira kuno ku Chinzombo.

Malama, patchuthi

Opima aja atamaliza anagwirizana kuti a Yotamu anachira ndipo si oopsa kwa munthu. Chinatsala ndi abale. A Muleya anandiitana n'kunena kuti kupima anandiletsa, koma njira ya ku Malama palibe wina akuidziwa, choncho patchuthi ndipite ndikafunse. Ndinayenda ulendowo mtima uli m'mwamba. Ndinkaopa kukapeza amake Luka atakwatiwa, chifukwa zikanatero a Yotamu sakanakhalanso ndi mudzi wina woti uwalandire.

Ndinapeza asanakwatiwe, ngakhale mwamuna wina anali atayamba kale kutumiza nsomba. Amake Luka atamva uthenga wanga anakhala pansi n'kuphimba nkhope. Amalume awo anati iwo alibe mawu, dzanja linapsa ndi la mlongo wawo, anene yekha. A Nambewe ndinawapeza pakhonde la nyumba yatsopano akusenda nyemba ndi dzanja limodzi, linalo atapanira lichero. Anandilandira bwino, popeza tinadziwana pa ululu. Ndinafotokoza za kaodzera, mmene amalowera m'mutu n'kusandutsa munthu kukhala wina. Anati ndisawaphunzitse, mchimwene wawo anafa nawo matenda amenewo akutukwana aliyense. Kenako anatukula dzanja lopindika lija.

"Mukuti Yotamu anachira. Nanga ili linachira?"

Ndinachita mantha, osati chifukwa cha dzanja koma chifukwa cha dzinalo. Mpongozi satchula mkamwini wake dzina chonchi. Akafika potero ndiye kuti mumtima mwake ukwati unatha. Ndinati silinachire ndipo silidzachira, sindingawanamize. Ndinati sindinabwere kudzawakakamiza, akakana ndikanena kuti akana, ndipo palibe adzawaimbe mlandu. Ndinafuna kuwonjezera zambiri, koma ndinakumbuka kuti sindine loya, ndinatseka pakamwa, chinthu chimene kwa ine ndi ntchito yaikulu. Anasenda nyemba nthawi yaitali. Pomaliza anati ndibwere naye, akamuona adzadziwa.

Mawu amenewo ndinawapereka kwa a Muleya monga momwe analili, osathira mchere. Akuluakulu anavomera kuti a Yotamu apite kwawo moyesa, ine ndiwaperekeze, ndipo mudzi ukawakana abwerere ndi galimoto yomweyo.

Malama, chilimwe cha chaka chomwe ndinamaliza sukulu

Tinafika dzuwa likuotcha, mitengo ya tsanya ili mbee yopanda masamba. Tinali atatu: ine, a Yotamu, ndi dalaivala wa boma, a Chanda, mnyamata wa ku migodi amene anali asanafikepo m'chigwa. Njira yonse a Yotamu sanadye kanthu. Anavala malaya oyera amene manesi anawasonkhera, kachikwama kali pamiyendo, ndipo titayandikira anandipempha kuti zikavuta ndisakangane ndi munthu, tingobwerera mwakachetechete. Ankandidziwa. Galimoto inaima pamene msewu unathera, ndipo tinalowa kanjira kopita kumudzi, a Yotamu patsogolo, ine pakati, a Chanda pambuyo akufunsa ngati kuno kulibe mikango.

Tisanafike pamudzi, pamene kanjira kamapanikizika pakati pa udzu wouma, tinaona munthu akubwera kuchokera kuchitsime, ndowa ili pamutu. Anali a Nambewe. Sitinapangane kuti tikumane pamenepo, ndipo panalibe wina aliyense woti alankhule m'malo mwawo. A Yotamu anaima. Gogoyo anaimanso, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinkaopa kuti abwera molunjika n'kuti, awayang'ane m'maso, awatchule dzina lija. Zikanatero, sukulu yanga yonse sikanathandiza kanthu.

A Nambewe anatula ndowa ndi dzanja lawo labwino. Kenako anapatuka m'njira, analowa muudzu, anafulatira n'kunyonyomala, atakokera mpango kumaso. A Yotamu ataona zimenezo nawonso anapatukira mbali inayo, ananyonyomala, n'kuyamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, mapewa akugwedezeka. Njira inatsala yopanda munthu, ine ndili chiimire pakati.

A Chanda anandigwira pamkono n'kunong'ona kuti agogo akana, safuna n'kumuona komwe, tibwerere kusanade. Koma ine ndinakhala pansi pafumbi pomwepo ndi yunifomu yanga yoyera. Mlendo sapatukiridwa chonchi, mdani sapatukiridwanso. Mayi amapatukira mkamwini wake yekha. Katundu amene ndinamusenza kuyambira tsiku la thonje lija ndinamva akutsika, ndipo ndinalira ngati mwana, ine amene sindilira pamaso pa anthu.

A Nambewe anatsokomola, akadali chofulatira, ndipo analankhula kwa ine monga mwambo umafunira.

"A Sisita, auzeni atate ake Luka kuti apite kunyumba akasambe, ana awaone. Muwauzenso kuti denga la nkhokwe linatha, ndipo mvula ili pafupi."

Ndinapukuta maso, ndinatembenukira mbali inayo, ndipo ndinawauza zonse mmene zinanenedwera, ngakhale anali atamva okha.